Makapisozi a probiotic, yogati kapena thobwa: n'chiti chimatchinjiriza matumbo ku chakudya choipa?

Mukalowa mu famase yaikulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre masiku ano simulephera kuona timabokosi tolembedwa kuti probiotic, ndipo mtengo wake si wamasewera. Wogulitsa amakuuzani kuti muli "mabakiteriya abwino" olimbana ndi tizilombo tobwera ndi chakudya. Sakunama kwenikweni, komanso sakunena zonse.

Vuto limene akulonjeza kuthetsalo ndi lalikulu ndithu. Bungwe la WHO linawerengera mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa amenewa, pafupifupi 137,000 ndi a mu Africa. Choncho munthu akamafunsa kuti ndalama yake aiike pati, pa makapisozi, pa yogati, kapena angodalira thobwa la kunyumba, ali ndi chifukwa chomveka.

Poyambira pabwino ndi kudziwa amene amagwira ntchito yotchinjirizayo. M'zaka za m'ma 1950, Marjorie Bohnhoff ndi anzake ku yunivesite ya Chicago anapeza kuti pamafunika tizilombo ta Salmonella, tomwe timabwera ndi chakudya choipa, pafupifupi 100,000 kuti mbewa yathanzi idwale. Koma akayamba aimwetsa mankhwala a streptomycin, amene amapha mabakiteriya ake a m'matumbo, tizilombo tosakwana 10 tinkakwanira. Mbewa ndi yomweyo, Salmonella ndi yemweyo. Chimene chasowa ndi khamu la mabakiteriya lomwe linali m'matumbomo kale. Zili ngati munda wa mbatata umene kholowa wayanga mizere yonse: udzu umasowa pomera. Mabakiteriya a m'matumbo amadya chakudya chimene Salmonella akanadya, amakhala pakhoma la matumbo pamene iye akanakakamira, amatulutsa asidi wofooketsa adani, ndipo ena amapanga poizoni wawo wopha mabakiteriya anzawo. Amathandizanso kuti mamina okuta matumbo akhale ochindikala ndiponso kuti chitetezo cha m'thupi chisagone.

Alimi a nkhuku nawo anapindula ndi nzeru imeneyi. Ku Finland, Esko Nurmi anaonetsa mu 1973 kuti anapiye oswedwa ndi makina, amene sanakumanepo ndi thadzi, amagwidwa Salmonella mosavuta, koma akawamwetsa mabakiteriya ochokera m'matumbo a nkhuku yaikulu yathanzi amalimba. Njirayi ikugwiritsidwabe ntchito m'makola akuluakulu a ku Ulaya. Koma taonani kuti matumbo a mwanapiye amakhala opanda kanthu, malo ndi ambiri. Matumbo a munthu wamkulu ndi odzaza kale, ndipo apa ndi pamene nkhani ya makapisozi imayambira kuvuta.

Makapisozi ndi timapaketi ta ku famase

Ena mwa mabakiteriya ogulitsidwawa ali ndi mbiri yochititsa chidwi. Mu 1917, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dokotala wa ku Germany, Alfred Nissle, anaona msilikali wina amene sanadwale kamwazi pamene anzake ankagwa nako. Anatenga mtundu wosadwalitsa wa bakiteriya wa E. coli m'chimbudzi cha msilikaliyo, ndipo mpaka lero umagulitsidwa m'dzina la Mutaflor. Henri Boulard wa ku France anapeza yisiti yotchedwa Saccharomyces boulardii ku Indochina m'zaka za m'ma 1920, pamakoko a zipatso. Lactobacillus rhamnosus GG, amene anayesedwa kambiri kuposa ena onse, anapezedwa ndi Sherwood Gorbach ndi Barry Goldin ku Boston m'zaka za m'ma 1980.

Mu labotale zotsatira zake zimagometsa. Ku Cork, ku Ireland, anaonetsa mu 2007 kuti Lactobacillus salivarius UCC118 amatulutsa poizoni amene amateteza mbewa ku Listeria, bakiteriya woopsa wobwera ndi chakudya, ndipo atamuchotsa mphamvu yopanga poizoniyo chitetezo chinatha. Ku Japan mu 2011 anapeza kuti mitundu ina ya bakiteriya wabwino wa Bifidobacterium imapulumutsa mbewa ku E. coli O157, mtundu woopsa wa E. coli, potulutsa asidi wofanana ndi wa mu viniga, amene amalimbitsa khoma la matumbo kuti poizoni asalowe m'magazi. Ndipo E. coli wa Nissle uja, kafukufuku wa mu 2013 ku California anasonyeza kuti amalanda ayironi yemwe Salmonella amafuna kuti aswane. Zotsatsa malonda zambiri zimatsamira pa zinthu ngati zimenezi, osatchula kuti oyesedwawo anali mbewa.

Kwa anthu nkhani inasintha. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku muwiri wamkulu, wina wa ku United States wa ana 971, wina wa ku Canada wa ana 886, onse obwera kuchipatala akutsegula m'mimba. Ena anapatsidwa probiotic kwa masiku 5, ena ufa wopanda kanthu. Panalibe kusiyana: anachira nthawi yofanana. Gulu la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa padziko lonse n'kumusefa, linanena mu 2020 kuti ma probiotic mwina sathandiza kapena amathandiza pang'ono zedi pa kutsegula m'mimba kobwera ndi tizilombo. Zaka 10 m'mbuyo mwake gulu lomwelo linali litanena kuti amafupikitsa matendawa ndi pafupifupi tsiku limodzi. Kafukufuku wamkulu ndi wosamala atachuluka, tsiku lija linasungunuka.

Kuno kwathu anayesakonso. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ana 795 operewera zakudya m'thupi kwambiri anagawidwa pawiri: ena ankadya chiponde chosakaniza ndi mabakiteriya a mitundu inayi, ena chiponde chokha. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2009, ndipo chiwerengero cha ana ochira chinali chofanana. Ineyo ndimaupatsa ulemu kafukufuku ameneyu kuposa wa mbewa zonse zija, chifukwa anachitikira ana amene amadya zomwe ana athu amadya, kumwa madzi omwe amamwa.

Sikuti makapisozi ndi achabechabe. Pamene amaoneka kuti akugwira ntchito ndi pomwe matumbo asesedwa ndi maantibayotiki, monga mbewa za Bohnhoff zija. Cochrane inapeza mu 2019 kuti mwa ana omwa maantibayotiki, 19 pa 100 alionse ankatsegula m'mimba, koma mwa amene ankamwanso probiotic anali 8 pa 100. Kwinanso ndi kwa makanda, amene matumbo awo sanadzaze. M'midzi ya ku Odisha, ku India, makanda oposa 4,500 anayesedwa ndi Lactobacillus plantarum wosakaniza ndi shuga wapadera amene bakiteriyayo amadya, ndipo matenda oopsa a m'magazi anatsika ndi 40 peresenti. Ofufuzawo anayamba asankha mtundu umene umathadi kukhazikika m'matumbo a khanda. Mtundu wina uliwonse wa pa shelefu sungalonjeze zomwezo.

Ngati mwaganiza zogula, onani zinthu zitatu pabokosi. Dzina la bakiteriya likhale lathunthu, ndi zilembo kapena manambala akumapeto monga GG, chifukwa "Lactobacillus" yekha ndi dzina la fuko lonse. (Kuyambira 2020 asayansi anagawa fukoli, ndiye musadabwe kuona Lacticaseibacillus rhamnosus, ndi yemweyo.) Chiwerengero cha mabakiteriya amoyo, chimene amalemba kuti CFU, chikhale cha tsiku lomwe mankhwalawo adzathere mphamvu, osati cha tsiku lomwe anapangidwa. Ndipo funsani kasungidwe kake. Bokosi lofunika firiji limene lakhala pa shelefu mwezi wa Okutobala, magetsi akuzimazima, mwina mukugula mitembo ya mabakiteriya.

Palinso anthu oti asamwe popanda dokotala. Ku Netherlands mu 2008, odwala kapamba kwambiri amene anapatsidwa ma probiotic anamwalira 16 pa 100, pamene osapatsidwa anali 6 pa 100. Mu 2023 bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku United States, linachenjeza zipatala khanda lina lobadwa masiku osakwana litamwalira ndi bakiteriya wa mu probiotic amene analowa m'magazi. Munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, kaya ndi HIV yosalandira mankhwala kapena mankhwala a khansa, asayese yekha.

Yogati ya mu golosale

Iyi sindichedwapo. Yogati wamba imapangidwa ndi mabakiteriya awiri, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus, ndipo onsewa sakhazikika m'matumbo, amangodutsa. Phindu lawo lotsimikizika ndi lakuti amathandiza kugaya shuga wa mu mkaka, n'chifukwa chake anthu amene mkaka wamadzi umawatupitsa m'mimba amatha kumwa yogati bwinobwino. Ndi chakudya chabwino, makamaka kwa mwana amene akuchira ndipo sakufuna phala. Koma zakumwa zina zamkaka zokhala nthawi yaitali kunja kwa firiji zimakhala zitatenthedwa pambuyo posasitsa, ndiye mulibe chamoyo, muli shuga ndi fungo la zipatso.

Yosiyana pang'ono ndi yogati imene magulu a amayi amapanga ku Mwanza, ku Tanzania, kuyambira m'zaka za m'ma 2000, komanso ya Yoba ku Uganda, yomwe amaikamo dala mtundu wa Lactobacillus rhamnosus. Kapaketi ka galamu imodzi kamakwanira kusasitsa malita 100 a mkaka. Ngati mabakiteriya oyesedwa bwino angafike kwa anthu wamba pamtengo wotheka, ndikuona kuti adzadzera njira ngati imeneyi, osati ya famase.

Thobwa, chambiko, mahewu ndi phala losasa

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ena pochinyoza, ena pochitamanda mopitirira. Zakudya zosasa, kaya thobwa ndi chambiko kwathu kuno, munkoyo ndi mabisi ku Zambia, mahewu ndi amasi kumwera, zili ndi mabakiteriya a fuko lomwelo la Lactobacillus ndi abale awo. Koma ntchito yawo yaikulu amaigwira mumphika, chakudya chisanafike pakamwa. Akamadya shuga wa mu ufa kapena mu mkaka amatulutsa asidi, ndipo kuwawasa kukafika pa 4 kapena kutsikirapo pa muyeso wa asidi wotchedwa pH (nambala ikamatsika, asidi akuchuluka), Salmonella, Shigella ndi tizilombo ta kolera timalephera kuswana, tambiri timafa.

Phindu lake limaonekera pa phala la mwana. Mayi amaphika phala m'mawa n'kupita kumunda kapena kumsika, mwana n'kumadya lomwelo mpaka masana. Phala wamba likazizira n'kukhala maola angapo m'nyengo yotentha, tizilombo timachulukana mofulumira. Losasa limadziteteza. Ku Tanzania, Wilbald Lorri ndi Ulf Svanberg anatsatira ana m'zaka za m'ma 1990 napeza kuti odya togwa, phala losasa la kumeneko, sankatsegula m'mimba kawirikawiri ngati odya phala wamba. Ku Ghana nakonso anapeza tizilombo tochepa m'phala la chimanga chosasitsa. Koma komweko ku Ghana atayesa madzi osasa a phala la koko ngati mankhwala a ana odwala kale, sanathandize. Kuteteza chakudya ndi kuchiza wodwala ndi nkhani ziwiri.

Nanga thobwa lathu? Zimadalira mmene lakonzedwera. Thobwa lotsekemera la tsiku lomwelo, longothira chimera cha mawere kapena mapira m'phala lofunda, silinasase mokwanira, ndipo chimeracho chimabwera ndi tizilombo take kuchokera pamphasa pomwe chinayanikidwa. Amene amaliwiritsanso akatha kuthira chimera amachita bwino pa ukhondo, ngakhale kuti moto umapha mabakiteriya abwino pamodzi ndi oipa. Likagona n'kuyamba kuwawasa ndi pamene chitetezo cha asidi chimabwera. Likapitirira masiku limasanduka mowa, ndiye si la ana. Vuto lina ndi botolo. Thobwa la pa depoti kawirikawiri limathiridwa m'mabotolo otoleza, ndipo ngati anatsukidwa ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa, kuphika konse kuja kwapita pachabe.

Chambiko chopangidwa ndi mkaka wowiritsa kapena wa ku fakitale n'chabwino. Cha mkaka wosawiritsa wongochokera ku ng'ombe n'china. Kusasa sikupha tizilombo tonse: ta TB ya ng'ombe, ta Brucella ndi E. coli O157 timapirira asidi kwa masiku. Wiritsani mkaka kaye, uzizire, kenako muthiremo supuni zingapo za chambiko chadzulo.

Ndipo pali zoopsa zimene kusasitsa sikungachotse ngakhale pang'ono. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa pombe pamaliro. Mphekesera inali yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Atayeza anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi bakiteriya wa Burkholderia gladioli amene anamera mu ufa wa chimanga womwe unanyowa n'kuwonongeka. Ufa kapena chimera chimene chachita nkhungu kapena chanyowa ndi madzi osefukira n'choyenera kutaya, osati kufululira kuti "chipsa ndi moto".

Kuyerekeza ndi makapisozi, chakudya chosasa chili ndi ubwino wakuti n'chotsika mtengo, chimadyedwa tsiku ndi tsiku, ndipo chimakhutitsa. Kuipa kwake n'kwakuti simungadziwe mtundu kapena kuchuluka kwa mabakiteriya amene alimo, chifukwa mphika uliwonse ndi wosiyana.

Kusamalira amene muli nawo kale

Njira iyi palibe amene amaitsatsa chifukwa ilibe chogulitsa, koma ndi imene ikugwirizana kwambiri ndi zomwe Bohnhoff anaona. Kapisozi imodzi imakhala ndi mabakiteriya mabiliyoni angapo, pamene m'matumbo mwanu muli kale mabiliyoni zikwizikwi a mitundu mazana. Chowononga khamu limeneli mofulumira kuposa chilichonse ndi chizolowezi chathu chogula Bactrim, Flagyl kapena amoxicillin pa kantini m'mimba mukangotembenuka. Kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha nthawi zambiri kumatha kokha, ndipo mwa ana kambiri kumayamba ndi mavairasi, amene maantibayotiki sawakhudza. Mankhwalawo amangosesa alonda, n'kusiya khomo lotsegula kwa masabata. Ku Blantyre mitundu ya Salmonella yolowa m'magazi, yosamva mankhwala angapo akale, yakhala ikuvutitsa madokotala kwa zaka zoposa 20, ndipo kumwa mankhwala mwachisawawa kumaipatsa mpata.

Mabakiteriya a m'matumbo amadya zimene ife sititha kugaya: makoko a nyemba, khobwe ndi nandolo, gaga wa mu mgaiwa, ulusi wa mu bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mbatata. Akadya zimenezi amatulutsa asidi amene amadyetsa khoma la matumbo. Munthu wa nsima yoyera, chipisi cha pa chiwaya ndi zakumwa zashuga akuwasowetsa chakudya, kenako n'kukagula anzawo a m'bokosi.

Kwa khanda palibe chofanana ndi bere. Mkaka wa mayi uli ndi mitundu ya shuga imene mwanayo sagaya konse, imapita molunjika kukadyetsa Bifidobacterium, ndipo ina imakola tizilombo kuti tisakakamire pamatumbo. Kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 kumachita zomwe makampani akuyesa kutsanzira, komanso kumamutalikitsa mwana ndi madzi ndi mabotolo akuda.

Pamene njira zonsezi zimalephera

Matenda ena a chakudya si nkhondo ya mabakiteriya konse. Mpunga wogona panja ukhoza kukhala ndi poizoni wa Bacillus cereus, ndipo zakudya zogwiridwa ndi manja a zilonda zikhoza kukhala ndi wa Staphylococcus. Poizoniyo amakhala atapangidwa kale m'mbale, kutenthetsanso sikumuchotsa, ndipo munthu amayamba kusanza pasanathe maola 6. Palibe bakiteriya wabwino amene angachitepo kanthu. Chofunika ndi kusasiya chakudya chophika pamalo ofunda kupitirira maola awiri, ndipo mkute ndi ndiwo zadzulo ziziwira mpaka pakati.

Kwina tizilombo timangobwera tochuluka kapena taukali mopitirira. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, dziko limene anthu ambiri amakulira thobwa. Unagonja ndi klorini, katemera ndi madzi a m'mitsempha. Ku South Africa mu 2017 ndi 2018, Listeria wa mu poloni yopangidwa pa fakitale ina ku Polokwane anadwalitsa anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200, ambiri a iwo makanda. Listeria amaswana ngakhale mu firiji, choncho mayi woyembekezera, kaya ali ku Johannesburg kapena ku Mzuzu, azitenthetsa poloni ndi masoseji mpaka zitulutse nthunzi, osadalira yogati. Pa tayifodi, katemera amene anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anateteza pafupifupi 80 peresenti, ndipo boma linayamba kumupereka m'dziko lonse mu Meyi 2023. Wa rotavirus, vairasi yotsegulitsa ana m'mimba, ali ku sikelo kuyambira 2012. Onsewa ndi aulere, ndipo palibe probiotic amene anafikapo pa manambala otere.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, ndalama imene mukanagulira kabokosi kaja gulirani Thanzi ORS, musungunule m'madzi owiritsa monga zalembedwera pa paketi, muzimumwetsa pang'onopang'ono nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Onjezani zinki kwa masiku 10 mpaka 14, mamiligalamu 20 pa tsiku, kapena 10 ngati sanakwane miyezi 6, ndipo musasiye kuyamwitsa kapena kumudyetsa. Mukaona magazi m'chimbudzi, chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga, maso olowa, kusanza chilichonse, kulefuka kapena kukana kuyamwa, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala, Thanzi ali m'botolo kuti azimwa panjira.